Mayi Estele Namakhwa, namwino amene sanapepese

Loweruka lapitali tinaika m'manda mayi Estele Namakhwa a mphakati wa Yosefe Woyera ku Chonde. Anabadwira m'nyumba za antchito a m'minda ya tiyi, makolo awo atachokera ku Mozambique. Ali Sitandade 6, mayi awo anamwalira pobereka, ndipo nsalu zamagazi anachapa ndi iwo. Kuyambira pomwepo sanafunenso ntchito ina koma ya unamwino. Patchuthi ankathyola tiyi, mpaka anatsiriza maphunziro a uzamba.

Anagwira ntchito pachipatala chaching'ono cha kumudzi. Misa ya m'mawa sankaphonya, ndipo Lamulungu ankawerenga Mawu m'tchalitchi.

Tsiku lina kusikelo kunabwera Sabina, mkazi wa bambo Pilato, amene anali wapampando wa tchalitchi chathu. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, nkhope yotupa, mutu ukumuwawa, m'maso mukuchita chidima. Mayi Estele atapima, anapeza magazi akuthamanga koopsa. Anamubaya jakisoni woteteza kukomoka, naitana ambulansi ya ku Boma.

Bambo Pilato anafika atakwiya. "Kutupako ndi mapasa basi. Kunyumba kwasonkhana anthu oti amupempherere. Ndikumutenga."

Mayi Estele anaima pakhomo. "Pemphererani pompano, abambo, ine ndivomera amen. Koma Sabina akatuluka muno akwera ambulansi."

"Inu mulibe chikhulupiriro."

"Ndili nacho. N'chimene chandiimika pano."

Ambulansi itafika inamutenga Sabina, ndipo kuchipatala cha ku Boma anamuchita opaleshoni. Sabina anapulumuka, koma mwana sanalire. Mphekesera inawanda yoti jakisoni uja ndiye anapha khandalo. Tivomereze, ife akhristu anzawo tinawachotsa mayi Estele pa owerenga Mawu, ndipo moni wa mtendere unkawalambalala. Amayi ena anawalangiza kuti akagwade kwa bambo Pilato, nkhani ithe.

"Mwanayo ndimamulira nanenso," anayankha. "Koma ndikapepesa, mawa mayi wina wotupa adzabisala kumudzi. Sindipepesa."

Anapitiriza kubwera ku Misa, nakhala kumbuyo, mutu uli chilili. Patapita zaka, Sabina anaima yekha pamsonkhano wa mphakati nafotokoza zimene madokotala anamuuza: popanda jakisoniyo akanatsirizikira panjira. Tinachita manyazi. Mayi Estele anangoyambitsa nyimbo.

Atapuma pantchito, ankayendera odwala m'makomo, kutsuka zilonda ndi kutembenuza amene sankatha kudzuka. Mtima utayamba kuwavuta, sanadandaule.

Lachinayi m'mawa bambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala. Atalandira Ukaristia, mayi Estele anawagwira dzanja nanena motsitsa: "Chifuwa chanucho chakhalitsa, bambo. Mawa mukayezetse makhololo." Kenaka anatseka maso, ndipo masana anatisiya mwamtendere.

Bambo mfumu anapitadi kukayezetsa. Misa ya maliro anatsogolera atayamba kale kumwa mankhwala a chifuwa chachikulu.

Mzimu wawo uuse mumtendere.