Ng'oma Zonunkha Tchipisi

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndi munthu ndinaipeza chifukwa cha mapatapata. Ndinkagulitsa pamsika wa Limbuli, ndipo poti mapatapata onse ndi ofanana, ine ndinkaitana makasitomala poimba. Tsiku lina mayi wina anaima, anamvetsera nyimbo yonse, kenako n'kuyamba kunenerera peyala imodzi mpaka ine, katswiri wa zonenerera, ndinatuluka thukuta. Atagula anati iwo ndi a Namakhwa, ahedi a sukulu ina ya pulayimale ya kufupi ndi minda ya tiyi, ndipo akufuna munthu wophunzitsa ana kwaya ndi gule wa tchopa Lachisanu masana. Ndinavomera pomwepo. Munthu amene wakugonjetsa pamtengo umafuna ukaone kumene amachokera.

Zida zimene ndinapeza zinali ng'oma zobwereka kumudzi, wezulo mmodzi, ndi maseche a tizitini toikamo timiyala. Kiyibodi kunalibe. Kiyi ndinkapereka ndi pakamwa, ndipo sabata iliyonse inkatuluka yakeyake. Pogawa mawu, anyamata onse ankafuna besi, ngakhale aja olira ngati anapiye. Ng'oma nazo zili ndi mwambo wake: usanaimbe umayatsa moto wa udzu kapena masamba ouma a nthochi, n'kuiwamba, kuyandikiza chikopa kumoto ukuizunguliza, ukugogoda ndi chala mpaka chikopa chitakungika. Ukatero ndiye umamata phula pakati kuti mawu alemere.

Mutu unkandiwawa, koma ndinaona chinthu chimodzi. Ana amene ankajomba Lachisanu n'kumakanyamula katundu kumsika anayamba kubwera kusukulu, chifukwa wojomba m'mawa sindinkamulola kuvina masana. A komiti ya sukulu zimenezi sanazione. Apampando awo ankati palibe mwana anasankhidwapo kupita kusekondale chifukwa chogwedeza chiuno, ndipo ankafuna kuti nthawi imeneyi ikhale ya masamu. Mpikisano wa zoni utayandikira, ahedi anandiitana.

"Chaka chatha tinali kumchira. Tikakakhalanso kumchira, Lachisanu ndilipereka kwa a masamu. Ndatopa kukunenererani."

Anandibwereka tayi ya amuna awo kuti ndikaoneke ngati mphunzitsi.

Mpikisano unali Loweruka pasukulu ina ya kufupi ndi Chinakanaka, ndipo kunacha ndi chiperoni, mvula yowaza ija yosadziwika ngati ikugwa kapena ikungoyendayenda. Ng'oma tinakweza pa kabaza zosafunditsa. Kwaya tinaimba, zinayenda mwa apo ndi apo. Koma Fanuelo, mnyamata wa Sitandade 7 amene ankaimba ng'oma yaikulu, ataimenya kuti ayese, inalira ngati munthu akumenya matiresi onyowa.

Udzu wonse unali wonyowa. Khitchini yophikira phala inali yokhoma, mwini makiyi atapita kumaliro. Masukulu ena anali atabwera ndi udzu wawo m'majumbo, ndipo ndikawapempha ankandiyang'ana ngati ndikupempha impso. Ife tinali otsatira kulowa m'bwalo. Ndinathamangira kwa woyendetsa mwambo, ndinamuuza mbiri ya sukulu yathu yonse, ndinamutchula bwana, ndinamutchula malume, mpaka anatopa nane n'kutiika kumapeto.

Moto wokha umene ndinauona unali kunja kwa mpanda, pansi pa chiwaya cha mkulu wina wokazinga tchipisi. Ndinapita ndi ana, ng'oma zili pamutu.

"Amwene, moto uwu ndi wa bizinesi, si wa boma," anatero asanandiyang'ane n'komwe. Anati ng'oma zitchinga makasitomala. Ndinayang'ana uku ndi uku: makasitomala ake anali galu mmodzi. Ndinamuuza kuti akatipatsa mbali imodzi ya moto, ine ndimuitanira anthu.

"Yambani kuitana, ndione."

Ndiye ndinaima pamenepo, aphunzitsi a tayi, n'kutenga nyimbo yanga ya mapatapata, kuchotsamo mapatapata, kuikamo tchipisi. Anthu anatuluka kumpanda kudzaona wamisala. Ena anagula. Pakati pawo panali apampando a komiti, atagwira ambulera, akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Kumbuyo kwanga ana ankazunguliza ng'oma pamoto. Nditamva kuti sukulu yomaliza isanafike ife yalowa, ndinauza Fanuelo kuti basi, tinyamule, ikalira pang'ono zakwana. Anagogoda ndi chala, n'kupukusa mutu. Ndinayesa zonse zimene ndimachita pamsika: kukweza mawu, kunyengerera, kunamizira kunyamuka. Ng'oma inangoti bu, bu. Ndinabwerera kukaimbira tchipisi mpaka ndinamva kumbuyo kwanga kulira kwina kouma, kolowa m'mafupa.

Tinalowa m'bwalo tikuthamanga, dzina lathu litaitanidwa kale. Ana anavina ngati nthaka ikuwaotcha. Amayi ena anadumphira m'bwalo ndi nthungululu, mmodzi mpaka anataya mpango. Ng'oma zinkanunkha mafuta okazingira moti woweruza wina ankanunkhiza uku akulemba. Pomaliza yaikulu ija inali itayambanso kufooka, koma gule anali atatha.

Chikho sitinatenge. Tinali chapakati, kutali ndi kumchira. Lolemba apampando anadandaula kwa ahedi kuti mphunzitsi wanji woimbira chiwaya pagulu, koma za masamu sanazitchule; mdzukulu wawo ndiye anali wotsogolera nyimbo. Ahedi anangondiuza kuti Lachisanu likhala, koma tayi ija ndiichape ndisanabweze.

Mpaka lero ndikamapita ndi ana kukavina, m'chikwama mwanga mumakhala jumbo ya udzu wouma ndi machesi, ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ndanenerera ndi anthu a mtundu uliwonse, kuyambira osintha ndalama pa boda ya Muloza mpaka ahedi. Ng'oma yokha ndiyo sinanditsitsirepo: umaiwamba mpaka ifike, kapena umakachita manyazi m'bwalo.