Wometa wa manja onjenjemera

Kwa zaka makumi awiri a Sizasi akhala akumeta anthu m'kachipinda kopanikizika pakati pa golosale ndi shopu ya wosoka nsapato. Muli mpando umodzi, galasi long'aluka pakona, ndi benchi yomwe amuna amakhalapo n'kumakonza dziko lonse ndi pakamwa.

Kale luso lawo linkayambira m'botolo. M'mawa uliwonse, asanagwire lumo, ankayamba amwa kapu imodzi, dzanja n'kukhazikika ngati la dokotala. Koma kapu imodzi imaitana inzake. Akazi awo anapirira mpaka kutopa, kenako anatenga ana n'kubwerera kwa makolo awo.

Lamlungu lina a Sizasi anagwada kutchalitchi, n'kulonjeza Mulungu kuti mowa sadzaulawanso. A pabenchi anaseka mpaka misozi, ndipo sitingawadzudzule, poti munthuyu ankamudziwa. Mtima wa a Sizasi unatembenukadi tsiku lomwelo, koma thupi linatsalira m'mbuyo. Manja anayamba kunjenjemera. Wobwera kudzachepetsa tsitsi ankatuluka ndi mpala, ndipo makasitomala anayamba kuthawa mmodzimmodzi.

A Sizasi sanadandaulire munthu. Anasiya njira yachidule yodutsa pabala, n'kumazungulira mtunda wautali wapansi. Akafika ankagwada kuseri kwa mpando asanatsegulire makasitomala chitseko. Lachitatu lililonse ankasala kudya mpaka kuweruka, amvekere thupi liyenera kudziwa kuti bwana si ilo. Kukakhala kopanda anthu ankaphunziranso kumeta pamkono wawo womwe, moti mkono wakumanzere unkachita kunyezimira. Ine ndimati kumeneku ndiye kulimba mtima, ngakhale palibe amene ankawaombera m'manja.

Patapita miyezi inayi kunabwera uthenga woti apongozi awo aamuna abwera m'mawa mwake kudzameta ndevu, ndipo akufuna lumo, osati makina. Mkuluyu ndi amene ananenetsa kuti mwana wake sadzabwereranso kwa chidakwa. A Sizasi anadziwa kuti nkhani si ya ndevu. Banja lawo linali pampando umenewo.

M'mawa mwake manja anachita kunyanya. Wosoka nsapato anawapeza akulephera ngakhale kumanga batani la malaya. Anawamvera chisoni, n'kutulutsa kabotolo m'thumba.

“Achimwene, kakang'ono basi, ngati mankhwala. Mukawacheka apongozi ukwati wathera pomwepo. Mulungu sawerenga madontho.”

A Sizasi anakayang'ana kabotoloko nthawi yaitali. Ankadziwa kuti mnzawoyo sakunama, kapu imodzi ikanakhazikitsadi dzanja.

“Mwina sawerenga,” anayankha choncho, “koma ine masamu anga ndimawadziwa. Ndikayamba wani ndimakathera pa teni. Ndinalonjeza, achimwene. Pitani nako.”

Mnzawoyo atatuluka, anatseka chitseko n'kugwada. Sanapemphe zambiri, anangoti Ambuye manja ndi awa.

Apongozi anafika nthawi ya naini, atavala jekete, nkhope ili gwa. Atapatsana moni anakhala pampando n'kutsinzina. A Sizasi anawapaka sopo, n'kuwerama mpaka nkhope zawo zinatsala pang'ono kugundana, monga ntchitoyi imafunira. Anayendetsa lumo pang'onopang'ono, dzanja lamanzere litagwira lamanja. Tsaya loyamba linatha bwino, lachiwirinso. Pachibwano dzanja linawapusitsa, ndipo kamagazi kanatuluka pasopo woyerayo.

A Sizasi anafufuza thonje n'kuliika pachibwanopo, botolo la spiriti n'kugubuduzika pansi.

“Pepani bambo. Pepani kwambiri. Dzanjali silinakhale bwino.”

Mkuluyo anatsegula maso, n'kudziyang'ana pagalasi. Anagwira pabalapo ndi chala, osapupuluma.

“Akamwini, zaka zonse zija simunandichekepo ngakhale kamodzi,” anatero. “Koma mukandiweramira chonchi ndinkachita kugwira mpweya chifukwa cha fungo. Wometa sangabise zimene wamwa. N'chifukwa chake ndinafuna lumo. Lero ndapuma bwinobwino kuyambira tsaya ili mpaka ili.”

Anaimirira n'kukonza jekete lawo, thonje likadali pachibwano.

“Loweruka mubwere kunyumba tidzakambirane. Mayi a ana akhala akufunsa ngati mukudya.”

A Sizasi anawaperekeza mpaka pakhomo, lumo likadali m'manja, kenako anabwerera n'kukhala pampando wa makasitomala, n'kulira ngati mwana.