Jakaranda wapamsika wafulumira

Ndikuopa mvula. Denga tinasasula, sitinafolerebe, khanda likugona momwemo, ndiye jakaranda wapamsika pa Mayani wachita kale maluwa. Amayi, mwandibwerera m'mutu. Chaka chanu chomaliza, tikugulitsa kachewere pansi pa mtengo uja, duwa linagwera mu tiyi wanu. Munalivuula n'chala, mukuseka. "Iwe, ukaona awa folera nyumba, mvula siodira." Zikomo amayi, mawu aja ndinasunga.

Koma chaka chino kwatentha msanga, maluwa atuluka tisanamalize n'komwe kumweta udzu. Kaya mtengo wasokonezeka ndi kutenthaku, kaya ukunena zoona, inu mukanadziwa. Ine ndingomvera inu basi. Achimwene a ku Mphunzi, mukawerenga izi bwerani lero lomwe ndi udzu uja, chonde.