Kandulo ya a Mfuko

Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. M'dera monse ankangoti a Mfuko, poti zaka makumi atatu anazithera pansi, kukumba zitsime. Pa ntchito panalibe wowaposa. Vuto linali pakamwa: munthuyu akayankhula zoona zokhazokha ankamva ngati wadya ndiwo zopanda mchere.

M'mawa uliwonse asanatsike m'dzenje ankayatsa kandulo, kuiika m'kachitini, n'kuitsitsa ndi chingwe. Ikazima, tsiku limenelo munthu satsika, chifukwa ndiye kuti pansipo padzaza mpweya woipa, wosanunkha, umene umagoneka munthu osadzukanso. Nkhani yake ndi yomweyo basi, koma anthu akafunsa, a Mfuko ankaona kuti yankho limeneli n'louma.

"Pansipa pali mzinda," ankatero akupukuta thukuta. "Misewu yowala, anthu ataliatali osadziwa matenda. Akayandikira ndi amene amauzira kanduloyi. Ndipo analosera kalekale kuti adzatsegulira khomo munthu mmodzi, wotsika wopanda mantha, n'kumupatsa mankhwala awo."

Anthu ankaseka n'kumapita. Amene sankaseka anali mng'ono wawo, wosoka nsapato pakhonde la sitolo, munthu wofatsa amene chibadwire sanatsutsepo mkulu wake. A Mfuko ankamuona ali kukamwa yasa, ndipo m'malo momumvera chisoni ankangowonjezera nyumba zosanja mumzindamo.

Chaka china mkazi wa wosoka nsapatoyo anadwala chotupa cha m'mimba, mpaka madokotala ananena kuti palibenso chochita. Masiku amenewo a Mfuko ankakumba kuseri kwa sukulu. Tsiku lina kandulo inazima kawiri. Iwo anavundikira dzenje ndi malata n'kupita kukanoletsa piki, ndipo podutsa pasitolo paja anaponya nthabwala mwachizolowezi: "Lero afika pafupi, auzira kawiri konse."

Pobwerera masana anapeza malata ali pambali, nsapato ziwiri zitaikidwa bwinobwino m'mphepete mwa dzenje, chingwe chili lende. Mng'ono wawo uja anamutulutsa m'dzenjemo akupumabe, koma sanatuluke yense. Miyendo inayamba kukokeka, manja osagwiranso singano, mawu kutuluka limodzilimodzi. Mlamu wawo uja anamwalira mwezi womwewo.

Kuyambira pamenepo a Mfuko anamutengera mng'ono wawoyo kwawo, m'chipinda choyandikana ndi chawo. Ankamusambitsa okha, kumumeta, kumumanga mabatani a malaya. Anthu ankati abale otere ngosowa, ndipo mawu amenewo ankawalasa kuposa chitonzo, chifukwa ankadziwa kuti chikuwagwiritsa ntchitoyo si chikondi chokha ayi, ndi mlandu. Za mzinda sanazitchulenso. Koma kuti aulule, zaka zisanu ndi chimodzi zinatha mtima ukukana. Ankaopa kuti munthu yekhayo amene anawakhulupirira adzawayang'ana ngati chigawenga.

Tsiku lina akumuwenga zala pabwalo, mng'onoyo anayankhula pang'onopang'ono, maso ali pansi.

"Achimwene, mkazi wanga ndinamupha ndine. Nditafika pakati ndinachita mantha. N'chifukwa chake sananditsegulire."

A Mfuko anaika lezala pansi. Kani zaka zonsezi munthuyu wakhala akusenza katundu wa iwo, usana ndi usiku, osadandaulira aliyense. Manyazi anawagwira.

"Mng'ono wanga, mzinda kulibe. Anthu kulibe, khomo kulibe. Kandulo imazima ndi mpweya woipa. Ndinangopeka ine kuti anthu aziseka. Mlamu sanafe chifukwa cha iwe, ndipo amene ndinakupundula ndine."

Anadikira kutukwanidwa, ndipo akanakulandira ndi manja awiri. Mng'onoyo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anakweza dzanja lopuwala lija n'kuwasisita paphewa.

"Zikomo, achimwene. Mukufuna mtima wanga upepuke, ndamva. Koma musadziipitse chifukwa cha ine. Inu simunandinamizepo."