Maminibasi pa Maliro a Achimwene

Ndinadzuka kusanache pamkeka wa pabalaza, phazi la mayi wina lili pamsana panga. Amayi a kutchalitchi anali ataimba mpaka mawu kusasa. Panja amuna ankaothabe moto.

Achimwene anga ankayendetsa minibasi ya ku Kawale. Madzulo ena anyamata awiri anakwera ngati anthu aulendo, ndipo pofika ku Biwi anatulutsa mfuti. Ankafuna galimoto. Achimwene anachedwa kutsika, basi anawaombera.

Ndikutunga madzi pampopi ndinamva amuna aja akucheza. Wina anati kale wakuba ankabwera ndi chikwanje, ukakuwa n'kuthawa, koma chithereni nkhondo ya ku Mozambiki mfuti zikungolowa ngati kaunjika. Wina anatchula mlonda wa ku Area 25 ndi wagolosale wa ku Chinsapo, onse oikidwa chaka chomwecho.

Ine nkhawa yanga inali pa alamu anga, akazi a malemu. Anali oyembekezera, koma chichitikireni zimenezi sanadye kapena kulankhula ndi munthu.

Dzuwa litakwera kunatentha kwambiri. Maminibasi anayamba kufika opanda anthu, mpaka anatseka msewu wonse. Madalaivala anakana lole imene tinabwereka. Anazula mipando m'minibasi imodzi n'kulowetsamo bokosi. Kondakitala wa achimwene, maso ali psuu, anapachikika pachitseko n'kumaitanira: "Kumanda, kumanda, malo alipo! Lero abwana sakulipiritsa." Anthu anasekera m'zitenje. Tinayenda pang'onopang'ono, koyamba kuona minibasi ikudikira oyenda pansi.

Kumanda abusa analalikira mwamphamvu kuti Mkhristu saopa imfa. Mawu ali m'kamwa, minibasi ina yakutha inaphulitsa ekizozi ngati mfuti: phuu! Tonse tinagwa chafufumimba. Adzukulu awiri analumphira m'dzenje. Abusa anapezeka kuseri kwa mtengo, Baibulo lili pamutu.

Kenaka tinamva munthu akuseka. Anali alamu, atakhala pafumbi, misozi ili chuchuchu.

"Akanakhala moyo," anatero akuloza bokosi, "imeneyi akanaisimba chaka chathunthu."

Abusa anatuluka akusasa jekete. "Ndinati saopa imfa," anatero, "sindinanene za mfuti."

Anthu onse kumandako anaseka, ngakhale amalume a ku Ntcheu amene sanamwetulirepo chifikireni. Titatero tinaika achimwene, nyimbo ikumveka bwino kuposa m'mawa.

Madzulo anthu anabalalika msanga, aliyense kufuna kukafika kusanade. Mabenchi anabwerera kutchalitchi, pabwalo panatsala phulusa lokha. Alamu anapempha tiyi ndi mbatata, ndipo anadya zonse. Ndinakhoma chitseko. Tinakankhirako sofa, monga nyumba zonse za mumzere wathu zinayambira kuchita chaka chimenecho, n'kukhalapo tonse awiri.