Mtengo wa mango kuseri kwa khitchini

Amayi anadzala njere ya mango kuseri kwa khitchini yathu ku Chowe, dzinja lomaliza limene analiona. Bango lake anachokera nalo kwawo ku Namwera. Linali laling'ono, laulusi wambiri wokanirira m'mano. Atamwalira, kamtengo kanapitiriza kukula, ndipo ine ndinkakathirira madzi otsukira mbale ndisanapite kusukulu.

Katafika m'chiuno mwanga, amjomba, mlongo wawo wa amayi amene ankatilera, anabwera ndi kanthambi kokulunga m'nsalu yonyowa. Anati akapempha kwa aphunzitsi ena amene mango awo ndi akuluakulu, opanda ulusi. Mtengo wa njere, iwo anatero, umachedwa, ndidzakwatiwa usanabale. Womezanitsa suchedwa, ndipo ang'ono anga adzadya akadali ana. Koma kuti amezanitse, anayenera kudula mutu wa kamtengoko.

Ndinafuna kukana. Koma ndinangowagwirira pulasitiki yomangira. Anadula ndi lezala, n'kung'amba tsinde pakati, n'kulowetsamo kanthambi kachilendoko. Masamba a amayi anagwera pansi, mbuzi n'kuwadya.

Kanthambiko kanagwira. Koma pansi pa bala panatuluka mphukira ina yofiirira, ya tsinde lakale. Amjomba anandiuza kuti ndiziithothola ikangotuluka, chifukwa ikakula imalanda chakudya, ndipo chomezanitsacho chimafa. Ndinathothola yoyamba. Itatuluka ina, ndinagwada pafupi nawo akusoka mphasa.

“Amjomba, iyi tiisiye. Ndi ya amayi.”

Anasiya kusoka, singano ili m'manja.

“Ziwirizi sizingakhale pamodzi, mwanawe. Lezala ili pawindopo. Ine ndinadula kale, tsopano udule ndiwe.”

Ndinaganizira ang'ono anga, amene amatola mango akugwa kwa eni n'kumathamangitsidwa. Ndinaganiziranso kuti mtengo wa ku Namwera, umene unabala bango la amayi, anthu anaudula kale n'kuwotchera njerwa. Ndinamasula pulasitiki, n'kudula kanthambi ka aphunzitsi kamene kanali katayamba kale masamba.

Amjomba sanandikalipire, komanso sanandiyamikire. M'mawa mwake anazinga kamtengoko ndi minga kuti mbuzi zisafikepo.

Lero mtengowo wandipitirira msinkhu, ndipo ndi wokhota pamene panali bala. Sunachitebe maluwa. Mng'ono wanga wotsiriza amandifunsa chaka chilichonse kuti tidzadya liti, ndipo ndimamuuza zoona, kuti sindikudziwa.