Kalavani ya Kuseri kwa Nyumba

Fungo la guluu wa matabwa likandipeza, ngakhale ndili m'sitolo, limandibwezera kuseri kwa nyumba yathu ya ku Belgrave, kudziko la azungu, chilimwe chimene ndinali ndi zaka khumi. Pakabwalo kathu ka simenti fungolo linkasakanikirana ndi la mankhwala otentha amene adadi ankapaka kumsana, ndiponso la anyezi ndi tsabola amene mayi wachimwenye woyandikana nafe ankakazinga zenera lili chitsegulire. Utuchi unkalowa paliponse, m'tsitsi, m'masokosi, mpaka mushuga.

Adadi ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Tsiku lina anawakha mkulu wina amene ankagwa m'bafa, iwo n'kuvulala msana pomwepo, ndipo adokotala anawalembera kuti apume. Anawauzanso kuti asamangogona, azigwirako tintchito topepuka. Tsono iwo, poti ku Dedza anali kalipentala, anapeza mateyala awiri ndi mapulanga n'kuyamba kukhoma kalavani yogonamo, yokoka ndi galimoto. Inali yaing'ono, yobulungira kutsogolo n'kumapita ikuonda kumbuyo ngati dontho la msozi. Ankati akachira adzatikokera kunyanja ku Skegness. Amami akabwera kuchokera kufakitale yopakira zakudya ankaima pakhomo n'kupukusa mutu. "Inu, msana umenewo mukuukhomera bokosi," ankatero.

Ankagwira ntchito atagwada. Akakhoma pang'ono ankadzigoneka chagada pakatoni, maso atatsinzina, mpaka ululu utaphwa. Chilichonse chofuna kuwerama kapena kunyamula chinali changa. Anzanga akupalasa njinga ku Abbey Park, ine ndinali chigwadire ndi sandipepa, kukwecha mapulanga mpaka nsonga za zala zitasupuka. Ndinkadana nayo kalavaniyo, ndipo sindibisa, ndinayamba kudana ndi mwini wake yemwe.

Nawonso ululu unawasandutsa chilombo. Munthu amene kale ankandiseketsa mpaka kutsamwa ndi tiyi anayamba kunditchula manjalende, kundilalatira chifukwa cha msomali umodzi wogwa pansi. Lachiwiri lina ndinapunthwa pachitini cha vanishi, yense n'kukhuthukira pasimenti. Mnzanga Nisha anali pageti, kundidikira. Adadi anatola kathabwa n'kundikwapula m'miyendo kawiri konse. "Chitsiru cha mwana! Kuno unangobwerera kudya basi," anatero. Nisha sankamva Chichewa, koma kathabwa anakaona. Sindinalire. Ndinangosunga chakukhosi.

Sabata yomweyo kunabwera kalata yoti mzimayi amene anali manejala wa kuntchito kwa adadi abwera kudzawaona. Amami anamvetsa msanga kuti si ulendo wachifundo. Anandikhazika pansi kukhitchini n'kundiuza momveka kuti mzimayiyo akaganiza kuti adadi akunamizira kudwala, ntchito ithera pomwepo. Anafunditsa kalavani ndi lona, anasesa utuchi, anatseka katani ya zenera loyang'ana kuseri. Adadi anawauza kuti akhale chigonere pasofa, kenako anathamangira basi ya kuntchito.

Koma abale, adadi! Kwa iwo munthu wobwera kwa wodwala ndi wodzazonda matenda, ndipo wodzazonda sumulandira utagona ngati chikuni. Anameta ndevu, anavala jekete la kutchalitchi, anamwa mapilitsi awiri. Mzimayiyo atagogoda, anakamutsegulira okha ataongoka njo. Anamukokera mpando, anamuthirira tiyi ndi manja awo. Atawafunsa za msana, anayankha monga amayankhira wodwala aliyense woleredwa bwino kwathu, ngakhale ali pafupi kutsirizika: "Ndikupezako bwino, zikomo kwambiri." Ine ndinali pambali, ndipo ndinkaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu lawo, dzanja litakanirira pamsana pa mpando. Mzimayiyo sankayang'ana kumeneko. Ankangolemba m'kabuku kake.

Kenako anatembenukira kwa ine n'kundifunsa mwachisangalalo zimene ndinkachita paholide. Miyendo yanga inali idakali ndi mikwingwirima pansi pa masokosi. Ndinamwetulira, n'kumuyankha m'Chingerezi changa chosalala chija, chimene adadi ankachinyadira kwa alendo, kuti ndikuthandiza bambo anga kukhoma kalavani, ndipo amagwira tsiku lililonse. Ndinamufunsa ngati angakonde kuiona. Ndinakoka katani, ndinatsegula chitseko cha kuseri, ndinavundukula lona ndi manja anga. Inaima poyera ikunyezimira padzuwa, yokongola zedi, chitseko chake chaching'ono chitamangidwa kale. Mzimayiyo anati ndi yabwino kwambiri, n'kuijambula.

Adadi anamuperekezabe mlendo wawo mpaka pagalimoto, anamufunira ulendo wabwino, n'kudikira kuti akhote pakona. Atalowa m'nyumba anakwera masitepe chokwawa.

Pasanathe milungu itatu anawachotsa ntchito, ati ananama za matenda. Ena a kutchalitchi anawauza kuti akadandaule, koma iwo anakana, poti kutchedwa wabodza kunawapweteka kuposa msanawo. Anakapeza ganyu kunyumba yosungiramo katundu kunja kwa tawuni, yonyamula makatoni tsiku lonse, msana usanapole. Masamba asanathe kuyoyoka m'mitengo anawabweretsa pa ambulansi, ndipo kuyambira pamenepo sanayendenso ataongoka. Kalavani inavumbwa nyengo yonse yozizira, mapulanga n'kufufuma, mpaka bambo wina anadzaitenga chifukwa chofuna mateyala.

Amami mlandu wonse anausenzetsa adadi. Ankafotokozera aliyense wobwera kuti ulemu wopusa ndi umene unawapweteketsa, kudzuka pasofa n'kumakathirira mzungu tiyi. Za ine ankangoti, "Mwana salakwa, ananena zimene anaona." Ndinabisala m'mawu amenewo zaka zambiri, mpaka ndinayamba kuwakhulupirira.

Chaka chatha ndinali kwa adadi ku Evington, kumene akukhala tsopano, nditagwada ndikuwaveka masokosi, poti sangathe kufikira mapazi awo. Mutu uli pansi, ndinalimba mtima. "Adadi, za tsiku lija kunabwera alendo a kuntchito. Ndinali mwana, sindinkadziwa."

"Iyayi, Tadala, unkadziwa," anatero mofatsa. "Unayamba wandiyang'ana kaye usanakoke katani."

Atatero anatambasula phazi linalo, ine n'kuliveka. Sananame. Ndili ndi zaka khumi ndinkadziwa kuti ziwapweteka, ndipo n'zimene ndinkafuna. Ndinkangoyesa kuti ziwawawa masiku angapo, monga inawawira miyendo yanga, kenako tifanana, nkhani n'kutha. Mikwingwirima yanga inazimiririka sukulu isanatsegulidwe. Adadi chaka chino akwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo kubafa amapita atatsamira paphewa langa.